CHIDULE CHA KHUTBA YA LACHISANU: N'CHIFUKWA CHIYANI NDALAMA SIZIKHALITSA M'MANJA MWATHU?

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mlezi wa zolengedwa zonse, amene amagwetsa mvula, nameretsa mbewu, natipatsa mphamvu zogwirira khasu ndi nzeru zochitira malonda. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake, pa Maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira tsiku lachiweruzo.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndiponso ndikukulangizani inu kuti timuope Allah pa chuma chimene watisungitsa. Mtumiki (SAW) adatichenjeza kuti tsiku la Qiyamah munthu adzafunsidwa mbali ziwiri za chuma chake, njira imene adachipezera ndi njira imene adachigwiritsira ntchito. Ambiri a ife timasamala mbali yoyambayo: timapewa kuba, timapewa kubera pa sikelo, timafunafuna za halaal. Mbali yachiwiriyo ndiyo taitayirira, ndipo ndiyo mutu wa khutba yathu lero.

Chaka chilichonse, Januwale ndi Febuluwale akafika, pakhomo pa mzikiti pamachuluka anthu ofuna thandizo. Ena ndi amasiye, okalamba ndi odwala, ndipo amenewa ali ndi gawo lawo m'chuma chathu popanda kuwapanikiza ndi mafunso. Koma pakati pawo timaonanso nkhope zimene mu Juni ndi Julaye zidali zowala. Chaka china adandipeza bambo wina amene ndimamudziwa kuti ndi mlimi wakhama, wosajomba pa Swala ya jamaa. Adakolola bwino chimanga, mtedza ndi nandolo, koma pofika Januwale m'nyumba mwake mudalibe ufa, mwana adabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndipo chimanga chakumunda chidachita chikasu posowa feteleza wachiwiri. Adandifunsa misozi ili m'maso: "A Shehe, ine mowa sindimwa, njuga sinditchova, zibwenzi ndilibe. Nanga ndalama zanga zimalowera kuti?"

Funso limeneli si la iye yekha. Ndi la mphunzitsi amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, la msodzi amene wapha usipa wodzaza bwato koma sabata yamawa akukongola ufa, ndi la wageni amene mpamba wake ukunka nuchepa chonsecho makasitomala sakusowa. Tiyeni tilifufuze modekha.

Malire amene Chisilamu chidaika

Poyamba tidziwe chimene tikuchitcha kuononga. Maulama amasiyanitsa mawu awiri. Israaf ndiko kupyola muyezo pa chinthu chololedwa: kudya nkololedwa, koma kuphika mpunga woti theka lake likatayidwe kudzala ndi israaf. Tabdhiir ndiko kutaya chuma pa chinthu chosayenera n'komwe, monga mowa ndi njuga, ndipo pamenepa ngakhale K100 ndi yochuluka. Kumbali inayo kuli umbombo, komwe ndi kumana banja ndi osauka zimene zikuwayenera. Mu Surat Al-Isra, ndime 26 mpaka 29, Allah akudzudzula mwaukali omwaza chuma, kenako akuletsa mbali zonse ziwiri kudzera m'fanizo la dzanja lofumbata kotheratu ndi dzanja lotambasuka kotheratu. Mu Surat Al-Furqan, ndime 67, kuima pakati pa ziwirizi kwawerengedwa m'gulu la zizindikiro za akapolo abwino a Allah. Choncho kusunga si umbombo, ndipo kumwaza si kuolowa manja. Nanga ngati malirewo ndi odziwika chotere, chimatigwetsa n'chiyani?

Choyamba: mtima umakonda za lero

Qur'an yolemekezeka yatchula m'malo angapo kuti munthu ndi wopupuluma mwachibadwa. Nyama imene ili pamoto lero timaimva fungo, pamene feteleza wa mu Disembala alibe fungo mwezi wa Juni. N'chifukwa chake munthu wa cholinga chabwino ndithu amati ayamba kusunga mwezi wamawa, ndipo mweziwo ukafika amabwereza mawu omwewo. Makolo adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Akatswiri a zachuma adaliyesa khalidwe limeneli pakati pa alimi onga ife. Kumadzulo kwa dziko la Kenya, Esther Duflo, Michael Kremer ndi Jonathan Robinson adapeza kuti alimi ambiri ankanena kuti adzathira feteleza, koma nthawi yake ikafika ndalama zinkakhala zitatha. Atawapatsa mwayi wolipiriratu fetelezayo atangokolola, n'kuwatulira pakhomo mwaulere, chiwerengero cha othira feteleza chidakwera kwambiri ngakhale mtengo wake sudatsitsidwe. Duflo ndi Kremer adali mwa anthu atatu amene adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2019.

Kuno kwathu, mu 2009, Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang adachita kafukufuku pakati pa alimi a fodya oposa 3,000 a m'chigawo chapakati. Chigamulo cha fodya m'Chisilamu ndi nkhani ya tsiku lina, lero tikutengapo phunziro la ndalama lokha. Alimi ena adapatsidwa mwayi woti ndalama zawo za kuokushoni zizilowa mwachindunji ku akaunti ya dzina lawo, pamene ena adalandira m'manja monga mwa nthawi zonse. Gulu loyambalo lidafika nyengo yodzala lili ndi ndalama zochulukirapo, lidagula zipangizo zaulimi zochulukirapo, ndipo lidakolola zoposa anzawo chaka chotsatira. Anthu ake adali ofanana, minda yofanana, mvula imodzimodzi. Chidasiyana ndi malo amene ndalama idafikira tsiku loyamba.

Chachiwiri: ndalama zobwera pakamodzi

Mlimi amagwira ntchito chaka chonse koma amalandira kamodzi. Misika ya fodya ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa patapita miyezi yowerengeka. Thonje la ku Balaka, nandolo wa ku Machinga ndi Zomba, mpunga wa ku Nkhotakota ndi Karonga, chilichonse chili ndi nyengo yake yochepa. Tiyerekeze kuti munthu walandira K1,200,000 tsiku limodzi. M'maso mwake limeneli ndi phiri. Koma akaligawa pa miyezi 12 ndi K100,000 pamwezi, ndipo pamenepo asanachotse mbewu, feteleza ndi fizi. Maso amaona phirilo, saona magawowo. Amalonda nawo amaidziwa bwino nyengoyi, n'chifukwa chake misika yakumudzi imasefukira ndi mawailesi, mafoni, njinga ndi zitenje pamene anthu angokolola.

Richard Thaler, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2017, adafotokoza kuti m'mutu mwa munthu muli ngati timatumba tosiyanasiyana ta ndalama. Yopeza movutikira tsiku ndi tsiku imagwiridwa mosamala, koma yobwera mwadzidzidzi imaoneka ngati yotola, ngakhale zonse zimagula mofanana pamsika. Apa ndi pamene pagona vuto la ndalama zimene ana athu amatumiza kuchokera ku Johannesburg ndi ku Durban. Wolandira sadaone chisanu, mantha ndi kunyozedwa zimene wotumizayo adapirira. Si kamodzi tamva za mnyamata amene wabwerera kumudzi patapita zaka, napeza maziko okha pamalo pamene ankayembekeza nyumba ya malata, ubale n'kuthera pomwepo.

Chinanso, chaka chabwino chimatinamiza kuti zaka zonse zidzakhala chomwecho. Mu 2016 mtengo wa nandolo udali wokoma, ndipo ambiri adakulitsa minda. Mu Ogasiti 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, lidaika malire pa nandolo wolowa m'dzikolo, mtengo n'kugwa pansi. Amene adadya phindu lonse la chaka chapitacho adasowa pogwira. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sadatumize kalata, ndipo chilala cha 2024 chidachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chakudza sichiimba ng'oma.

Chachitatu: maso a anthu

Abale olemekezeka, tikadziunika moona mtima tipeza kuti ndalama zambiri sitionongera mimba zathu koma maso a anzathu. Allah adatsitsa Surah yathunthu, At-Takathur, yodzudzula mpikisano wochulukitsa zinthu umene umatangwanitsa munthu mpaka kumanda.

Taonani maukwati athu. Nikah imene Shariah idaipeputsa, ife taisandutsa mtolo: holo yodula, mdipiti wa magalimoto, yunifolomu ya abale onse, zovala zosintha katatu tsiku limodzi. Phwando limatha madzulo, koma ngongole yake imagona m'nyumba ya banja latsopanolo chaka chathunthu, ndipo mikangano yoyamba imayambira pamenepo. Chonsecho pamene Abdur-Rahman bin Auf (RA) adakwatira ku Madinah, Mtumiki (SAW) adamulangiza kuti achite walima ngakhale ndi nkhosa imodzi yokha. Pa walima ya mayi wathu Safiyyah (RA), Anas (RA) adasimba kuti padalibe nyama ngakhale buledi, anthu adadya tende, mkaka woumitsa ndi mafuta a mkaka. Ndani mwa ife angati ukwati wake ndi wolemekezeka kuposa umenewo?

Taonaninso Ramadhan. Ndi mwezi wochepetsa kudya, koma m'nyumba zambiri ndi mwezi umene ndalama ya chakudya imakwera, futari n'kukhala ya mbale zisanu, zotsala n'kutayidwa m'mawa. Eid ikayandikira, bambo amakongola kuti ana asaoneke otsalira pa anzawo. Pamaliro napo, banja loferedwa limagulitsa mbuzi ndi chimanga cha chaka chonse kuti lidyetse khamu, pamene Sunnah idatembenuza udindowo: Ja'far bin Abi Talib (RA) ataphedwa pa nkhondo ya Mu'tah, Mtumiki (SAW) adalamula kuti anthu ena ndiwo aphikire banja lake, popeza lidali lotangwanika ndi chisoni. Ambiri amadziwa kuti akupyola mphamvu zawo, koma amaopa kunenedwa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kale munthu ankadziyerekeza ndi anzake a m'mudzi momwemo, amene ankadziwa ndi mavuto awo omwe. Lero pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok amadziyerekeza ndi anthu a ku Dubai ndi ku London, amene amaonetsa tsiku lawo labwino lokha nabisa ngongole zawo. Mankhwala ake Mtumiki (SAW) adatipatsa kale: pa za dziko munthu aziyang'ana amene ali pansi pake, kuti asapeputse mtendere umene Allah wamupatsa.

Chachinayi: timabowo ting'onoting'ono

Ndowa siuma chifukwa cha bowo lalikulu lokha. Tiyerekeze munthu amene tsiku lililonse amatulutsa K1,500 pa mayunitsi, chakumwa chozizira ndi tchipisi. Iye amati ndi tindalama tochepa. Pamwezi ndi K45,000, ndipo pachaka ndi K547,500. Mukamufunsa ngati angathe kusunga theka la miliyoni pachaka adzakusekani, chonsecho chaka chilichonse amalitulutsa osadziwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Kuyambira 2012 ndi 2013, pamene Airtel Money ndi TNM Mpamba zidayamba, kutumiza ndalama kudaphweka, ndipo ndi chisomo kwa amene akudwazika kutali. Komabe ndalama imene munthu sadaiwerenge ndi zala siipweteka pochoka. Ndipo pa foni yomweyo ndi pamene padzera njuga ya mpira, imene yameza anyamata athu ambiri. Amati akungoyesa mwayi ndi K200, koma njuga idakonzedwa mwa masamu kuti mwini wake ndiye azipambana pamapeto. Surat Al-Maidah, ndime 90, yaika njuga pamzere umodzi ndi mowa, ndipo kusintha dzina kapena kuilowetsa mu foni sikusintha chigamulo chake.

Chachisanu: ngongole imene imadya za mawa

Amene sadasunge amakakamizika kukongola, ndipo amene wakongola amalephera kusunga. Ili ndi gudumu lozungulira. Tiyerekeze munthu watenga katapila wa K50,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi. Mwezi ukatha ayenera kubweza K75,000. Akalephera, mwezi wachiwiri ndi K112,500, wachitatu K168,750. Malipiro ake amakhala atadyedwa asanafike, kadi lake lakubanki lili m'thumba mwa wokongoza. Iyi ndiyo riba imene Allah waitsekera khomo mwamphamvu kumapeto kwa Surat Al-Baqarah.

Mlimi naye ali ndi katapila wake wobisika. Tiyerekeze wagulitsa matumba 10 a chimanga mu Meyi pa K30,000 thumba, walandira K300,000. Mu Febuluwale mtengo ukawirikiza kawiri, ndalama yomweyo imagula matumba 5 okha. Matumba enawo wapereka ulere kwa vendala chifukwa chosowa chipiriro, kapena chifukwa ngongole ya chaka chatha idamukakamiza kugulitsa msanga. Ena amafika pogulitsa mbewu zikadali zanthete m'munda, malonda amene Mtumiki (SAW) adawaletsa mpaka zipatso zitaonetsa kukhwima.

Ngongole yopanda riba ndi yololedwa pakafunika, ndipo ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, Al-Baqarah 282, ikulamula kuti izilembedwa pamaso pa mboni. Komabe Mtumiki (SAW) ankapempha kawirikawiri chitetezo kwa Allah ku ngongole, ndipo atafunsidwa chifukwa chake adafotokoza kuti imamufikitsa munthu pa bodza ndi kuphwanya malonjezo. Tsiku lina adakana kuswalira maliro a munthu wangongole kufikira Abu Qatadah (RA) atavomera kuibweza. Nkhani yake ndi yolemera chotero.

Chachisanu ndi chimodzi: manja ambiri pa thumba limodzi

Pali chifukwa china chimene ambiri amachita nacho manyazi kuchitchula. Kwathu kuno wopeza mmodzi amayang'aniridwa ndi anthu ambiri, ndipo mbiri ikamveka kuti wagulitsa mbewu kapena walandira, alendo sathanso pakhomo. Ena amafulumira kugula chilichonse, chofunika ndi chosafunika chomwe, kuti akafunsidwa anene zoona kuti alibe. Kulumikiza ubale ndi lamulo, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma Shariah idaika ndondomeko: munthu ayambe ndi amene ali pa udindo wake, mkazi, ana ndi makolo, kenako enawo malinga ndi mphamvu zake. Pamene Sa'd bin Abi Waqqas (RA) adadwala nafuna kupereka gawo lalikulu la chuma chake pa njira ya Allah, Mtumiki (SAW) adamuletsa kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu, namuuza kuti kusiya ana ali ndi pogwira ndi kwabwino kuposa kuwasiya akupemphetsa. Ngati sadaka yeniyeniyo idaikidwa malire chifukwa cha ana, kuli bwanji kusangalatsa anzathu a pabawo?

Chachisanu ndi chiwiri: kugwa kwa kwacha ndi umphawi weniweni

Chilungamo chikufuna kuti tinene kuti si zonse zili pa khosi la munthu. Mu Meyi 2012 kwacha idatsitsidwa kuchoka pa pafupifupi K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ndalama ya pepala ya K1,000 idatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022, chizindikiro chakuti pepala likunka lichepa mphamvu. Mu 2024 kukwera kwa mitengo ya zinthu kudapitirira 30 peresenti. Pa liwiro lotere, K100,000 yobisa pansi pa mphasa chaka chathunthu imadzagula zimene K77,000 ikadagula tsiku loibisalo. Munthu akaona zimenezi amati bola kudyeratu. Mantha akewo ndi omveka, koma yankho lake ndi lolakwika. Kugwa kwa kwacha kukutiphunzitsa kusintha kasungidwe, osati kusiya kusunga.

Palinso abale athu amene chimene amapeza sichikwana ngakhale nsima ya tsikulo. Amenewa sitikuwadzudzula, ndipo wowanyoza akuchimwa. Kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2013, wa Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo, adayesa alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu m'dziko la India asanakolole ndiponso atakolola. Anthu omwewo adakhoza bwino mayeso a kaganizidwe atalandira ndalama kusiyana ndi pamene adali pa usiwa. Tanthauzo lake ndi lakuti nkhawa ya kusowa imadya nzeru zolingalira za mawa. Phunziro lake ndi la pawiri: wosauka athandizidwe osati kutonzedwa, ndipo aliyense akonze dongosolo lake nthawi ya zokolola mutu uli m'malo, osadikira Febuluwale.

Chachisanu ndi chitatu: kusamvetsa tawakkul

Ena amati kusunga ndi kukayikira Allah, popeza rizq ya mawa ili m'manja Mwake. Indedi ili m'manja Mwake. Koma Umar (RA) adasimba kuti Mtumiki (SAW) ankapatulira banja lake chakudya cha chaka chathunthu kuchokera m'minda ya tende ya Banu Nadhir. Ndipo munthu amene adafunsa ngati angoisiya ngamira yake n'kudalira Allah adauzidwa kuti aimange kaye, kenako adalire. Kuunjika kumene Surat At-Tawbah, ndime 34 ndi 35, ikuopseza ndi kwa chuma chosatulutsidwa Zakaat, monga adafotokozera Abdullah bin Umar (RA). Choletsedwa china ndi kubisa chakudya nthawi ya njala kuti mtengo ukwere anthu akuvutika. Koma nkhokwe ya banja si tchimo, ndi udindo.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa nkwa Allah, madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake. Abale ndi alongo, kudziwa nthenda popanda kumwa mankhwala sikuchiza. Mu Surat Yusuf, ndime 47 mpaka 49, Mneneri Yusuf (AS) sadangomasulira loto la mfumu ya ku Iguputo. Adapereka dongosolo: kulima mwakhama zaka 7 za dzinthu, kudya pang'ono, ndi kusunga zotsalazo m'ngala zake kuti zisaonongeke, pokonzekera zaka 7 za chilala. Adasunga nthawi ya zambiri, adasunga chakudya osati ndalama, ndipo adasamala kasungidwe kake. Tiyeni titengepo njira izi.

Gawani tsiku lomwelo. Ndalama ikafika, musanapite kumsika, patulani za Allah, za ngongole, za mbewu ndi feteleza, za fizi ndi za matenda. Zotsalazo ndizo zodya. Amene amati adzasunga zotsala sadzasunga kanthu, chifukwa sizitsala. Ogwira ntchito zolembedwa aona umboni wake: kuyambira pa lamulo la penshoni la 2011, wantchito amadulidwa 5 peresenti, bwana n'kuonjezera 10 peresenti, ndipo ndalamayo imaunjikika chifukwa siidzera m'manja.

Werengani pakamwa musanagulitse. Dziwani matumba amene banja lanu limadya pamwezi, muchulukitse kufikira zokolola zina, muonjezere la alendo ndi la maliro, ndipo amenewo asakhudzidwe. Atetezeni kwa anankafumbwe ndi mankhwala kapena matumba osalowa mpweya. Musaiwale Zakaat ya mbewu ngati zakwana muyezo wake: gawo limodzi mwa 10 pa zolimidwa ndi mvula, ndi theka lake pa zothirira movutikira.

Sandutsani pepala likhale chinthu. Feteleza wogula mu Juni, mbuzi yaikazi, nkhuku, malata, njerwa, mitengo yodzala m'malire a munda, katundu wa mu okala, zimenezi sizisungunuka ngati kwacha. Pang'ono pokha pakhale pa ndalama yogwirika, ya matenda ndi ngozi.

Lembani. Gulani kope, mulembe chilichonse chotuluka kwa mwezi umodzi, ngakhale K50 ya machesi, ndipo mwezi ukatha muwerenge pamodzi ndi akunyumba. Amayi ambiri amadziwa mtengo wa mchere ndi sopo kuposa ife abambo, ndipo kukambirana m'banja ndi chiphunzitso cha Chisilamu. Chuma cha mkazi ndi chake, mwamuna alibe ufulu wochilanda, koma dongosolo la nyumba ndi la onse awiri. Chinthu chodula musagule tsiku limene mwachiona. Gonani kaye masiku atatu, ndipo ngati chikufunikabe mudzachipeza.

Sungani pagulu, koma mopanda riba. Magulu a banki mkhonde, amene njira yake idayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991, aonetsa kuti anthu akumudzi angathe kusunga sabata ndi sabata akamayang'anirana. Vuto kwa Msilamu ndi chiwongoladzanja chimene magulu ambiri amaika pa ngongole. Chipereganyu, pamene aliyense amaponya mofanana n'kumalandira mosinthana popanda choonjezera, maulama ambiri adachiloleza. Gulu lingathenso kukongozana mwa qardh hasan, kapena kuika ndalama pa malonda a halaal n'kugawana phindu ndi kuluza komwe. Abale athu a ku Malaysia kale ankagulitsa minda ndi ziweto kuti apite ku Hajj, n'kubwerera ku umphawi. Katswiri wa zachuma Ungku Abdul Aziz adapereka ganizo la thumba losungira pang'onopang'ono mopanda riba, ndipo mu 1963 lidakhazikitsidwa. Ndilo limadziwika ndi dzina lakuti Tabung Haji, ndipo lathandiza anthu miyandamiyanda kukafika ku Makkah minda yawo ili chikhalire. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Peputsani miyambo. Akuluakulu a mzikiti, mafumu ndi ankhoswe, inu ndinu mungathe kuchotsa manyazi pa anthu. Wolemera akachita ukwati wosalira zambiri, wosauka amapuma. Pamaliro tiyeni tinyamule ufa ndi nkhuni popita, tisanyamule njala yathu.

Pomaliza, tulutsani Zakaat. Chuma chikafika pa nisaab, imene ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, n'kukhala chaka chathunthu, 2.5 peresenti ndi ya osauka. Taonani nzeru yake: wopereka Zakaat ya chuma ndi amene adasunga. Mtundu umene umadya zonse ulibe wopereka, uli ndi olandira okhaokha. Misikiti, madrasa ndi ana amasiye zimaimira pa anthu amene adaphunzira kudziletsa.

Bambo uja ndidakhala naye pansi, tidatenga pepala n'kuyamba kulondola ndalama zake mwezi ndi mwezi. Sitidapezemo tchimo lalikulu. Tidapezamo foni yachiwiri, ukwati wa mphwake, chimanga chogulitsa mu Meyi, katapila wa chaka chapitacho, ndi tinthu tambirimbiri timene iye mwini adali atatiiwala. Adayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako adalipinda naliika m'thumba. Jamaa idamuthandiza ufa wa mwezi umenewo, pakuti madzi akatayika saoleka. Koma pepala lija ndi limene ndikufuna aliyense wa ife alembe sabata ino, zokolola ndi malipiro zisanafike.

Tikumpempha Allah atipatse rizq ya halaal yokhala ndi madalitso, atipatse mitima yokhutira ndi zimene watigawira, atiteteze ku israaf, ku umbombo, ku riba ndi ku goli la ngongole. Awapepuzire amene ali m'ngongole, awadyetse anjala, awachize odwala, awakhululukire makolo athu amene adatsogola, ndipo atipatse zabwino pano padziko ndi tsiku lomaliza. Ameen.